Mutu 6: Chipsera pa Volovolo Yatsopano

1. Bowo lachisanu

Mwawi Msaiwale anadikira chaka chathunthu kuti akhale ndi mfuti yakeyake. Musadzidzimuke. Mtsikanayu sanali msilikali, sanalinso mlenje. Anali mwana wa sukulu wa zaka khumi, zisanu ndi zinayi, wokwera sitima ndi basi m'mawa uliwonse kuchokera ku Rockingham kupita ku yunivesite ku Crawley. Masewero ake anali owombera chandamale cha pepala. Anzake akamathamangitsana ndi mpira, iye ankangoima njii, diso limodzi chitsinzinire.

Chaka chonsecho ankabwereka mfuti ya kalabu, yakale, yolemera, yodutsa m'manja mwa aliyense. Analemba mayeso, anasaina mapepala mpaka dzanja kuwawa, anagwira ganyu tchuthi chonse. Bambo ake anamukhomerera bokosi lachitsulo pakhoma la galaja, poti kuno ku Perth mfuti sigona pansi pa pilo. Laisensi itatuluka, anakatenga volovolo yake kusitolo. Volovolo ndi mfuti yaing'ono ya m'manja, yokhala ndi silinda ya mabowo asanu ndi limodzi olowetsamo zipolopolo, imene imazungulira munthu akamawomba.

Loweruka m'mawa anapita nayo kukalabu koyamba. Zipolopolo zinayi zinalowa pakati penipeni pa chandamale, ndipo Mwawi anamwetulira yekha. Pofika pa bowo lachisanu, silinda inalimba. Anachita kukoka kachitsulo kowombera ndi mphamvu, dzanja linagwedezeka, chipolopolo n'kukagwera m'mphepete mwa pepala. Anayesanso kawiri. Nthawi zonse vuto linkabwera pa bowo lomwelo.

Anakhuthula zipolopolo zonse, n'kukweza dzanja kuitana mphunzitsi wake.

A Chilekwa anali bambo wa imvi wochokera ku Lusaka, woyenda pang'onopang'ono ngati alibe kopita. Zaka zonse anakhala ku Perth sizinawachotse Chinyanja cha kwawo pakamwa. Anaitembenuza volovolo ija uku ndi uku, n'kuibweza patebulo.

"Manje mvela, mwana wanga," anatero. "Mfuti ya nyowani imabwela na mafuta ya ku fakitale, yolimba monga phula. Kapena ndiye yamene yagwila silinda. Ukafika ku nyumba, uyambe waona kuti mulibe chipolopolo. Uone kawili, olo uziwa kuti mulibe. Vipolopolo ukhomele kwina. Upitishe bulashi mu mpope na mu mabowo yonse, upukute mpaka kansalu kachoke koyela. Mafuta ni yaja yolembewa mu kabuku, kadontho chabe. Iyi si nkhuku yokazinga."

Kenaka analoza kachitsulo kafulati ka m'mbali mwa mfuti, komangidwa ndi timasikuluu titatu.

"Koma apa osagwilapo. Mukati umu ni mwa bene bake bamene banaipanga. Ukamasula, galanti yafa. Galanti ni lonjezo lakuti ikavuta, beve bazakonza, olo bakupase ina, malinga iwe sunalowemo. Naona banyamata bambili, ba manja yabwino. Bamasula, kasipulingi kalumpha, babwela kuno na mfuti mu pepala ya shuga. Ku sitolo bangoyang'ana tumasikuluu, baziwa vonse. Ukasuka, ikapitiliza kulimba, uipeleke Monday. Usamvele munthu okuuza ati ni kanchito kang'ono."

"Nanga mpikisano wa Loweruka likubwerali, ankolo?" anafunsa Mwawi.

"Uzawombela na ya kalabu."

Loweruka limenelo ankasankha anthu atatu oimira kalabu yonse. Ndi mfuti yobwereka ija, Mwawi sanapitirirepo nambala yachisanu.

2. Munthu wosakhulupirira fakitale

Tsopano ndikuuzeni za a Lamson, bambo ake a Mwawi. Ankakonza makina pa fakitale ina ku Kwinana, ndipo asanabwere kuno anakonza zigayo zaka khumi ndi ziwiri ku Lilongwe. Manja awo anali odziwa ntchito, zimenezo palibe ankatsutsa. Vuto lawo linali limodzi: chinthu chatsopano chikalowa m'nyumba, sichinkayamba ntchito asanachione m'mimba.

Njinga yoyamba ya Mwawi inagona masiku awiri ili zidutswazidutswa, mwana akulira pakhonde. Makina osokera a mai Getrude, akazi awo, anamasulidwa asanasoke ngakhale mpango. Otchetchera kapinga nawo anasambitsidwa palafini tsiku lomwe anafika. Akafunsidwa, yankho linali lomwelo: "Wa ku fakitale amamanga akuyang'ana wotchi. Ine ndimamanga ndikuyang'ana chitsulo."

Zinthuzo zinkagwiradi ntchito bwino pambuyo pake. Kungoti pashelefu ya m'galaja panali chitini chodzaza timasikuluu totsala, ndipo m'nyumbamo munalibe wolimba mtima wofunsa kuti tinachokera kuti.

Lamulungu masana, atabwerako kutchalitchi, mai Getrude anatsalira ku msonkhano wa amayi. Mwawi anatsitsa chitseko cha galaja, n'kutsegula zenera kuti mphepo ya kunyanja ilowe. Anayala chitenje chakale patebulo, anaikapo kabuku ka malangizo, bulashi, tinsalu ndi kabotolo ka mafuta. Kenaka anatsegula bokosi lachitsulo ndi kiyi amene ankayenda naye yekha.

Posakhalitsa a Lamson analowa, akadali m'malaya a kutchalitchi.

"Ndangobwera kudzaonerera," anatero.

Ankadziwa bwino kuti munthu wopanda laisensi saloledwa kuigwira mfutiyo, ndipo anali munthu womvera lamulo. Choncho anapinda manja kumbuyo, n'kuima pambali pa mwana wawo. Zala zokha ndizo zinkavinavina.

Mwawi anatsegula silinda, anasuzumira m'mabowo onse, anasuzumiranso kachiwiri. Ananyowetsa bulashi ndi mankhwala otsukira, n'kuipititsa mumpope wodutsa chipolopolo. Anachita chimodzimodzi m'bowo lililonse. Kansalu koyamba kanatuluka kakuda bii. Kachiwiri kanali kotuwa. Pofika kachisanu ndi chimodzi kanatuluka koyera.

"Apo wachita bwino," anatero a Lamson. "Koma mafutawo ndi omwewo? Ndili ndi girizi wabwino apa. Amapirira makina otentha tsiku lonse."

"Kabukuka kakuti mafuta awa okha, adadi."

"Kabuku." Anaseka pang'ono. "Chabwino, thira."

Mwawi anadontheza kadontho pamene silinda imazungulirira, kena pamene kabuku kanajambula muvi, n'kupukuta otsala. A Lamson anapukusa mutu. Kwa iwo, makina osanona anali makina anjala.

Atamaliza, mtsikanayo anaonanso kuti mfuti ilibe kanthu, anailozetsa kukhoma la njerwa, n'kuyamba kuzunguliza silinda pang'onopang'ono. Bowo loyamba linadutsa bwino. Lachiwiri, lachitatu, lachinayi. Pa lachisanu inagwira monga dzulo.

Mtima wake unawawa kwambiri. Anaika mfuti pachitenje, n'kukhala pansi pa kampando.

3. Mawu a bambo

"Bwereza," anatero a Lamson. Anawerama, khutu pafupi, manja akadali kumbuyo. Mwawi anabwereza.

"Ndamva. Si dothi limenelo. Muli kachitsulo kakang'ono kotsalira pamene ankadula, kakukanda mnzake. Mphindi zisanu basi. Umasule timasikuluu titatuto, undionetse, ndikuuze pokhudza. Ine sindigwira."

"Ankolo a Chilekwa anati ndikamasula galanti ifa. Anati ndiipereke kusitolo mawa."

A Lamson anakoka mpando, n'kukhala moyang'anana naye. Akafuna kulangiza mwana sankakweza mawu, ankawatsitsa.

"Mwawi, tamvera. Iwe unachoka kumudzi uli ndi zaka zisanu ndi zinayi, zambiri sunazione. Ine ndakulira m'masitolo olembedwa pakhoma kuti katundu wogulidwa sabwezedwa. Ukagula, wagula. Ukabwerera kukadandaula, amakuyang'ana ngati wabwera kudzaba. Ndinagulapo injini ya chigayo ili ndi pepala lokongola, la chidindo chofiira. Itavuta, ndinayenda maulendo asanu ndi awiri. Lero bwana kulibe, mawa bwana ali pa maliro. Anthu akudikira ndi matumba a chimanga pakhomo. Tsiku lachisanu ndi chitatu ndinaimasula ndekha, ndipo inagaya zaka khumi. Kuyambira pamenepo ndinaphunzira kuti pepala silikonza kanthu. Munthu amene sadziwa m'kati mwa chida chake ndi wobwereka chabe, ngakhale atachigula. Ukaipereka mawa, aisunga mwezi. Loweruka udzaima ndi chimfuti cha kalabu chija, anzako n'kutenga malo ako. Ine ndinakulera kuti uzidikira anthu?"

Anaimirira, anatsegula bokosi lawo la zida, n'kutulutsa sikuludilaiva ya chigwiriro chamtengo, chosalala ndi thukuta la zaka zambiri. Inachokera nawo ku Lilongwe. Sankabwereketsa munthu, ngakhale m'busa.

Anaipereka kwa mwana wawo.

Mwawi analeredwa kuti mkulu akakupatsa chinthu, umalandira ndi manja awiri. Manja ake anachita zimenezo mutu usanavomere. Komanso tisamunamizire ulemu wokha: malo aja m'timu ankawafuna ndi mtima wonse.

Anagoneka mfuti cham'mbali. Analowetsa nsonga ya sikuludilaiva m'kamzere ka sikuluu yoyamba.

"Kanikiza, kenaka upotoze," anatero a Lamson.

Anakanikiza, anapotoza. Koma sikuludilaiva ya zigayo ndi yonenepa kunsonga, ndipo kamzere ka sikuluu ya mfuti n'kopyapyala. Nsonga inaterereka. Panamveka kaphokoso kakang'ono, kwee.

Pa chitsulo chakuda chonyezimira panatsala mzere woyera, wotalika ngati chikhadabo. Mlomo wa sikuluu unaphwanyika pang'ono. Sikuluuyo sinasunthe n'komwe.

4. Mwawi aika chida pansi

Onse awiri anauyang'ana mzerewo. Panja mwana wa aneba ankaimba belu la njinga.

"Palibe kanthu," anatero a Lamson. "Ndinola nsongayo igwirizane. Poti wayamba kale, ingomaliza. Chipsera chilipo basi, bola mfuti ichire."

Mwawi anatenga sikuludilaiva ija ndi manja awiri, anagwada, n'kuibweza kwa bambo ake.

"Adadi, pepani. Sindipitiriza."

"Ukuti chiyani?"

"Sindimasula. Mawa ndikaipereka."

Chibadwire chake anali asanawakanirepo bambo ake maso ndi maso. Koma manja ake sanabwerere m'mbuyo. A Lamson anaiyang'ana sikuludilaiva ija nthawi yaitali asanailandire. Zinawapweteka, ndipo sanabise.

"Ndiye kuti ine sindidziwa ntchito?"

"Mumaidziwa, adadi. Mwina kachitsuloko kalipodi. Koma pogula ndinasaina kuti m'katimo simwanga. Panopa sindinalowemo. Ndikalowamo, ndilibenso choti ndikanene."

A Lamson anaika chida chawo m'bokosi, n'kulitseka pang'onopang'ono. Anafika pachitseko, kenaka anatembenuka.

"Ndili ndi inki yakuda yolembera pa zitsulo. Ukapaka pamzerepo n'kupukuta ndi mafuta, palibe angaone."

Sankaona ngati akuphunzitsa mwana bodza. Kwa mmisiri, kubisa chipsera ndi mbali ya kumaliza ntchito. Mwawi anapukusa mutu.

"Chikhale choncho, adadi. Ndachipanga ndine."

Anapukuta mfuti komaliza, anaikhomera m'bokosi lachitsulo, n'kupinda chitenje. Madzulo amenewo mai Getrude anadabwa kuona bambo ndi mwana akupatsirana mchere mwaulemu wonyanya, ngati alendo okumana pa ukwati.

5. Funso la pafomu

Lolemba a Lamson anali ndi shifiti ya masana. Mwawi akutulutsa kachikwama kokhoma konyamulira mfuti, anawapeza atakhala kale m'galimoto, injini ikulira.

"Ndikuperekeza," anatero. "Ndikufuna ndikalione ndi maso anga lonjezo la papepalali."

Mwini sitolo anali mayi wachikulire, wa magalasi olendewera pa chingwe. Iye yemweyo ndiye ankakonza mfuti kuchipinda cha kumbuyo. Ankayankhula Chingerezi chofulumira cha konkuno. Anatsegula silinda, anaona kuti mulibe kanthu, n'kusuzumira mumpope.

"Mwaitsuka bwino," anatero. "Ambiri amabwera nayo ikudontha mafuta."

Anazunguliza silinda, khutu pafupi. Pa bowo lachisanu anaima.

"Ndikuganiza kuti muli kachitsulo kotsalira. Zimachitika mwa apo ndi apo. Ndi ntchito ya mphindi zochepa."

A Lamson anakhosomola, n'kumuyang'ana mwana wawo cham'mbali. Chifuwa chinakwera monyadira.

Mayi uja anatulutsa fomu ndi cholembera. Mfuti inali itagona patebulo, mbali ya chipsera ili pansi. Mwawi analemba dzina, nambala ya laisensi ndi vuto la mfuti. Funso lomaliza linali lakuti: kodi inu kapena munthu wina anatsegulapo, kapena kuyesa kutsegula, m'kati mwa mfutiyi? Panali timabokosi tiwiri, ka inde ndi ka ayi.

"Sunatsegule," anatero a Lamson m'Chichewa, motsitsa mawu. "Sikuluu ija sinasunthe."

"Akufunsanso za kuyesa, adadi."

Anachonga pa inde. Kenaka anaitembenuza mfuti yekha, n'kuloza mzere woyera uja.

"Ndinayesa dzulo," anauza mayiyo. "Chida chinaterereka, ndipo ndinasiyira pomwepo."

Mayi uja anavala magalasi, anayatsa nyale yowala, n'kuyang'anitsitsa timasikuluu tonse titatu. Anatenga nthawi.

"Ndikanachiona ndithu," anatero. "Aliyense amaganiza kuti sindiona. Amapaka inki, amapaka polishi wa nsapato, wina anamatapo kapepala kosonyeza mtengo wa katundu. Ndikapeza zotero ndimatseka fomu pomwepo, chifukwa munthu wobisa kunja sindingamukhulupirire za m'kati. Inu mwanena nokha, ndipo ndilemba zimenezo. Ndilembanso kuti m'kuona kwanga sikuluu sinazungulire. Koma mvetsani bwino. Wogamula si ine. Ndijambula zithunzi, nditumize kwa oimira fakitale. Akavomera, ndikonza pa galanti. Akakana, galanti yatha, osati pa vuto ili lokha, koma pa lililonse lobwera m'tsogolo. Ndaonapo akuvomera, ndaonaponso akukana."

"Ayankha liti?" anafunsa Mwawi.

"Mwina sabata ino, mwina ya mawa. Mpaka atayankha, ine sindiigwira m'kati, ndipo mfutiyi igona kuno."

A Lamson anafunsa m'Chingerezi chawo chaulemu: "Kukanakhala kuti palibe chipserachi, mukanatani?"

"Ndikanaikonza lero. Bwenzi mukuitenga mawa."

Anamangirira kachikwangwani pa mfuti, n'kulowa nayo kuchipinda cha kumbuyo. Mwawi ananyamula kachikwama kake kopanda kanthu.

6. M'galimoto

Analowa m'galimoto, koma a Lamson sanalize injini. Anagwira chiwongolero ndi manja onse awiri, maso ali kutsogolo. Malole opita ku Kwinana ankadutsa mumsewu waukulu.

"Mawa," anatero okha. "Bwenzi ukuitenga mawa."

Mwawi anatembenukira kuzenera. Misozi inali pafupi, ndipo sankafuna kuti igwe pamaso pa bambo ake.

"Unkadziwa kuti n'kulakwa?"

"Eya, adadi."

"Nanga unalandiriranji? Ukanandikanira poyamba pomwe."

Mtsikanayo anayang'ana kachikwama kali pamiyendo pake.

"Malo aja ndimawafuna, zimenezo sindikana. Koma adadi, munandiphunzitsa kulandira ndi manja awiri. Kukana simunandiphunzitse. Dzulo ndinachita kuphunzira ndekha, ndipo ndinachedwa."

A Lamson anachita manyazi, ndipo anachotsa manja pachiwongolero n'kuwaika pamaondo.

Foni ya Mwawi inalira. Pagalasi panaoneka dzina la a Chilekwa.

"Bweretsa," anatero a Lamson, akutambasula dzanja. "Ndiyankhule nawo ine. Mlanduwu ndi wanga."

"Ayi, adadi. Anandichenjeza ine."

Kukana uku kunatuluka mosavuta kuposa koyamba kuja. A Lamson anabweza dzanja lawo. Mwawi anapuma kamodzi, n'kuyankha foni.

"Mwana wanga," anamveka mawu a nkhalamba ija, osangalala, "zina lako nalilemba pamwamba pa onse ba Saturday. Nauza komiti ati uyu ndiye mwana omvela. Manje niuze, mfuti ili bwanji?"